Telala Amene Ankamasula Kolala

Achemwali anga ndi telala. Munthu akalowa m'shopu mwawo amayamba amuyang'ana pakhosi asanamuyang'ane kumaso, ndipo kolala ikakhala yopotoka amavutika nayo mumtima mpaka munthuyo atatuluka. Ine ndimawathandiza kusita ndi kusokerera mabatani, ndiye ndawaona akuchita zimenezi ngakhale kwa abusa ndi apolisi. Shopuyo ndi kachipinda kamodzi: makina awiri opalasa ndi mwendo, tebulo lodulirapo nsalu, simbi yanga pakona, ndi galasi lalitali long'aluka mmunsi. Amuna awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kuyambira pamenepo moyo wawo unali makina ndi mwanayo basi.

Zolimbana anazilowa mwangozi, ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Tsiku lina kunabwera bambo wina wamakutu okwinyika atanyamula majekete oyera asanu ndi limodzi, okhuthala ngati tenti, onse ong'ambika m'kolala. Anati amaphunzitsa jujitsu, masewera olimbana pansi, m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya matayala kuseri kwa msewu wathu. Achemwali anasoka mpaka singano zitatu zinathyoka. Patapita mwezi majekete aja anabweranso atang'ambika malo omwewo. Zinawakhudza kwambiri, chifukwa msoko wawo unali usanabwezedwepo. Anavula epuloni n'kunena kuti akukaona okha chimene anthu amenewo amachita ndi kolala. Anabwerako tsitsi lili nyankhalala, akumwetulira ngati atola chikwama. Sabata yotsatira anandikokera inenso, ati ndikachepetse mimba. Mimbayo ilipobe mpaka lero.

Kwa inu amene simunaonepo, masewerawa amatha mnzako akavomera kuti wagonja, ndipo njira imodzi yomugonjetsera ndi kumufinya pakhosi ndi kolala ya jekete yake yomwe. Sufinya kholingo ayi. Umatseka mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi, imene imapititsa magazi kumutu. Wofinyidwayo akaona kuti m'maso mwayamba kuda amagogoda kawiri kapena katatu ndi chikhatho pathupi pako, ndipo iwe umasiya nthawi yomweyo. Manja akapanikizika amagogoda ndi phazi kapena kulankhula. Akochi, bambo wamakutu uja, ankabwereza lamuloli tsiku lililonse mpaka tinkatha kulinena tili m'tulo. Ukapanda kugogoda umakomoka, ndipo sizichedwa. Kuwerenga mpaka teni n'kochuluka.

Apa ndiye achemwali anapeza kwawo. Ife tinkagwira kolala ngati tikukoka mbuzi yokana kulowa m'khola. Iwo ankaitsegula kaye ndi dzanja lamanzere, n'kulowetsa zala zinayi zakumanja mkati, kuzitsetsereza mpaka kuseri kwa khosi pamene pamakhala kansalu kolemba saizi. Ankati dzanja loyambalo ndiye ntchito yonse. Likalowa mosakwana, ngakhale ufinye mpaka mawa umangomupweteka mnzako nsagwada. Likakhazikika sankapupuluma. Ankakukhala pamimba, mawondo atakupana m'nthiti, n'kudikira kuti utanganidwe ndi zina, kaya kukankha bondo lawo kaya kubisa mkono. Pamenepo dzanja lachiwiri linkawolokera mbali inayo, mikono n'kupingasana. Kenako ankatembenuza manja, kukokera zigongono kunthiti zawo ndi kutsitsa mutu pamphasa, pamphasa zathu zija za labala. Sankachita kubuula kapena kukukuta mano. Iwe unkangoona kuwala kwa pawindo kukuchepa. Anyamata onyamula zitsulo ankalowa akuseka kuti awapatsa mayi wamkulu, n'kutuluka akusisita khosi. Posakhalitsa dzina linamera: Amayi Kolala.

Chaka chachitatu ndi chimene chinawononga zonse. Mnzawo wolimbana naye kawirikawiri anali namwino wina woseka kwambiri. Loweruka lina masana kunagwa chimvula, ndipo denga la chipinda chija ndi malata opanda siling'i, moti munthu sunkamva ngakhale mawu ako omwe. Achemwali anamukhala namwinoyo pamimba, dzanja loyamba mkati, lachiwiri n'kuwoloka, mutu pansi atayang'ana kukhoma. Mikono yonse iwiri ya namwinoyo inali itapanikizika pansi pa chifuwa chawo. Ine ndinali pabenchi ndikumwa madzi, ndipo ndinaona phazi lake likumenya mphasa kamodzi, kawiri, katatu. Ndinakuwa, mvula n'kumeza mawu anga. Kenako phazilo linangogona chammbali.

Akochi anadumpha anthu awiri n'kuwachotsapo achemwali. Anamasula jekete ya namwino uja, kumuwongola bwino, ndipo pasanathe nthawi anatsegula maso n'kufunsa ngati basi yabwera. Tonse tinaseka, mwini wakenso anaseka atauzidwa zomwe zachitika. Achemwali okha ndiwo sanaseke. Anakhala potsamira khoma atayika manja pamiyendo, akuwayang'ana ngati ndi a munthu wina. Sabata imeneyo anasoka kolala ya shati la sukulu mozondotsa, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Sanasiye masewerawo. Anayamba china chimene ine ndimati n'choipa kuposa kusiya. Ankachita zonse monga kale, kutsegula kolala, kulowetsa dzanja, kukhala pamimba, kuwolotsa lachiwiri. Koma pofika pofinya ankabweza dzanja loyamba pang'ono, kadanga kongokwana chala chimodzi. Telala amadziwa kuti kadanga kameneko ndiko kusiyana kwa shati lothina ndi lokwana. Woonera patali ankaona mayi akufinya ndi mphamvu. Wofinyidwayo ankamva kuthina, n'kupirira, n'kupeza kuti magazi akuyendabe. Ine ndinadziwa sabata yoyamba, chifukwa ine amene ndinkagogoda kakhumi pa tsiku ndinayamba kupulumuka, pamene mimba ndi ulesi zinali zomwe zija. Ndinakhala chete. Ndinkati ndi bala lawo, lipola lokha. Pa zimenezi ndimadziimba mlandu mpaka pano.

Ndi nthawi imeneyi pamene mwana wawo uja anabwerera kunyumba atamaliza maphunziro, ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, n'kupeza ntchito m'shopu yogulitsa mankhwala. Analowa nawo masewerawo ndipo anali nawo mwayi wa thupi: miyendo yamphamvu, chiuno chofewa, mpweya wosatha. Anali nawonso makani a bambo ake, amene ankatha kutsutsana ndi wailesi. Namwino uja anali atasamukira kwina, ndipo akazi tinalipo ochepa, ine ndi atsikana awiri atsopano, choncho wolimbana naye weniweni anali mayi ake. Tsiku ndi tsiku achemwali ankamukhala pamimba n'kulowetsa dzanja, ndipo tsiku ndi tsiku ankalibweza. Mtsikanayo anapeka njira yakeyake yodzitetezera. Ankalisiya dzanja loyamba lilowe mmene lingafunire, n'kukanikiza chibwano pachifuwa, kuika chikhatho pakhutu ngati akuyankha foni, kudikira, kenako kutukula chiuno n'kuwagubuduza mayi ake. Anyamata anayamba kumutcha Mlamba, ati amaterera ngakhale m'manja mwa Amayi Kolala. Dzinalo analikonda mpaka analilembetsa pabotolo lake la madzi.

Patatha chaka ndi theka Mlamba analembetsa mpikisano wake woyamba, umene unali kudzachitika pakatha masabata atatu.

Lachiwiri lina masana akochi anatulukira kushopu kwathu opanda jekete m'manja, ndipo ndinadziwa kuti sanabwerere zosoka. Anakhala pampando wa makasitomala n'kuvula chipewa. Anayamba ndi kunena kuti akhala akuona zigongono za achemwali kwa nthawi yaitali, kuti zimapita kunja m'malo mopita kunthiti, ndipo nawonso anakhala chete poganiza kuti zitha zokha. Anati iwo eni amufinyapo Mlamba kangapo, koma iye amangoti n'chifukwa choti ndi bambo wolemera thupi wa lamba wakuda, lamba wa akatswiri, ndipo mkazi wa msinkhu wake sangamuchite zimenezo popeza ngakhale Amayi Kolala amalephera. Choipa kwambiri, anatero, n'chakuti ngakhale m'manja mwawo amachedwa kugogoda, amadikira kuti mwina kumasuka monga anazolowera.

Achemwali ankapalasabe makina osadzutsa mutu. Akochi anadikira kuti msoko uthe.

"Mayi, mwana wanu sadziwa kugogoda," anatero. "Ndipo amene akakumane naye kumeneko si mayi ake."

Makina anaima. Achemwali anati amuuza ndi pakamwa. Akochi anapukusa mutu, n'kunena kuti mtsikana amene uja mawu samulowa, amamva ndi khosi. Anapereka mpaka Loweruka. Ngati pofika tsikulo achemwali akhala asanamalize kufinya ngakhale kamodzi, dzina la Mlamba alichotsa pamndandanda, ndipo chifukwa chake amuuza osabisa kanthu.

"Nanga akapanda kugogoda?" achemwali anafunsa, mawu ali pansi.

"Ndidzakhala nditagwada pompo," anayankha akochi.

Atachoka ndinayesa kuwalimbitsa mtima, koma anandidula n'kundiuza kuti ndisite masiketi a makasitomala. Ndinasita ndikulusa. Ndinkakwiyira achemwali, akochi, ndi ine ndemwe, akuluakulu atatu amene tinaona mwana akumanga nyumba pamchenga n'kumamuombera m'manja.

Achemwali anayesadi ndi pakamwa Lachinayi tikudya. Anazungulirazungulira, kenako anauza Mlamba kuti njira yake ija ya chikhatho pakhutu si yodalirika, ndipo nthawi zina iwo amamumasulira dala. Mlamba anaseka mpaka kutsamwa. Anati, "Amayi, mwakalamba, ingovomerani. Si tchimo." Anatembenukira kwa ine kuti amayi aang'ono ndimuikire umboni. Ine ndinati zimene anena mayi ake n'zoona, koma anangoti akuluakulu timagwirizana ngati mano a zipi, n'kunyamula mbale yake kupita nayo kukhitchini akuimba. Achemwali anatsala atagwira supuni m'mwamba, chakudya osachikhudzanso.

Lachisanu lonse sanasoke chilichonse chooneka. Ndinawapeza atavalitsa jekete ya masewera pachidole chopimira madiresi, akulowetsa dzanja m'kolala n'kulitulutsa, kulowetsa n'kulitulutsa. Kasitomala wina anaima pakhomo, kuyang'ana, n'kubwerera.

Loweruka m'mawa tinakwera masitepe achitsulo opita kuchipinda cha masewera tonse atatu, fungo la matayala likutiperekeza. M'chipindamo munali anthu mwina khumi ndi asanu. Titatha kutenthetsa thupi ndi kubwereza njira za tsikulo, akochi anagawa anthu awiriawiri, koma ine anandiuza kuti ndikhale pabenchi ndigwire wotchi. Mayi ndi mwana anawaika pakati. Achemwali anamanganso lamba wawo ngakhale anali womangika kale. Pogwirana chanza anati, "Lero ukaona mdima, ugogode." Mlamba anamwetulira n'kufunsa kuti mayi ake adya chiyani m'mawa uno kuti alankhule choncho.

Mphindi yoyamba mtsikanayo ndiye anali pamwamba. Anali wachangu, ndipo kawiri konse anatsala pang'ono kudutsa miyendo ya mayi ake kuti awakhale pamimba. Achemwali ankapuma mwamphamvu, thukuta lili kamukamu. Mumtima ndinayamba kupempha kuti zingokhala choncho mpaka nthawi ithe, kenako ndinachita manyazi ndi pempho langalo. Mphindi yachiwiri ili pakati, Mlamba anaponda patsogolo kwambiri. Achemwali anagwira mkono wa jekete yake, kumukola mwendo, n'kumugwetsera chammbali. Asanadzuke anali atamukhala pamimba.

Dzanja lamanzere linatsegula kolala. Lamanja linalowa. Ndinaliona likupita mpaka kumbuyo kwa khosi, ndipo Mlamba sanalitchinge n'komwe, monga mwa chizolowezi chake. Anakanikiza chibwano, chikhatho pakhutu, dzanja linalo litagwira mkono wa jekete ya mayi ake. Nkhope yake inali ya munthu amene akudikira madzi kuti awire. Akochi anali atagwada kale pambali pawo, dzanja lili m'malere.

Achemwali anaima pamenepo nthawi yaitali. Ena amene ankalimbana m'mbali anayamba kusiya mmodzimmodzi, chifukwa chipinda chikakhala ndi nkhani anthu amainunkhiza. Mumtima ndinati basi, dzanja lija alibweza. Koma sanalibweze. Dzanja lachiwiri linadutsa pamwamba pa mutu wa mwana wawo n'kugwira nsalu ya paphewa, mkono n'kutsika kuseri kwa chikhatho chija, pakhosi penipeni. Zigongono zinabwera kunthiti. Mutu anautsitsa, koma nkhope atayang'ana kwa mwanayo, tsaya pafupi ndi tsaya.

Ndinayamba kuwerenga mumtima. Pofika pa atatu nkhope ya Mlamba inasintha. Maso anatong'oka, osati ndi ululu koma ndi kudabwa. Anatukula chiuno mwamphamvu monga amachitira, achemwali n'kutambasula mawondo osasunthika. Anatukulanso, mofooka.

"Gogoda, mwana wanga," achemwali ananena pakhutu pake. Tonse tinamva, chifukwa m'chipindamo munali zii.

Dzanja lake linali pomwepo pamkono wa mayi ake. Linkangofunika kutseguka n'kumenya kawiri. Ine ndinali nditaimirira osadziwa kuti ndaimirira liti, wotchi ili pansi. Zala zija zinagwira nsalu mwamphamvu, zikudikirabe kadanga kamene zinazolowera. Kenako zinamasuka zokha, dzanja n'kugwera pamphasa.

Achemwali anasiya kufinya akochi asanamalize mawu oti siyani. Anachoka pamimba pake, kutsegula jekete ndi manja onse awiri, n'kumugwira masaya. Akochi anamuwongola mutu ndi kuuza anthu kuti afutukuke amupatse mpweya. Amati zinatenga masekondi ochepa. Kwa ine zinali ngati ndasita mulu wonse wa zovala. Kenako mwendo unagwedezeka, chifuwa chinakoka mpweya, maso anatseguka n'kuyendayenda padenga mpaka anapeza nkhope ya mayi ake.

"Ndatuluka?" anafunsa.

"Ayi," achemwali anayankha.

Mlamba anasisita khosi lake. "Nanga masiku onse aja?"

"Sunatulukepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkamasula ndine."

Sanalire pamaso pa anthu, makani aja sakanamulola. Anadzuka pang'onopang'ono, kukana dzanja la akochi, kukana langa, n'kupita kukakhala pakona atayang'ana kukhoma. Lamba wa achemwali anali atamasuka, ndipo ndinawamangira ine ngati mwana wa sukulu.

Masiku anayi m'nyumba munali ngati mwagwa maliro. Mlamba ankapita kuntchito m'mamawa, kubwerako, kudya yekha. Akochi anamuletsa kulimbana masiku angapo, ndipo atabwerera anayamba kuphunzira zimene ena amaphunzira mwezi woyamba: kusalola dzanja loyamba kulowa, kuligwira lisanafike kukhosi, kutembenuza phewa. Ankalimbana ndi mayi ake osawayankhula. Achemwali sanamasulenso. Sabata yomaliza ija ndinawerenga kuti Mlamba anagogoda kakhumi ndi kawiri, ndipo nthawi iliyonse ankadzuka nkhope ili ndwii. Ine ndinamumvera chisoni, chifukwa kutaya mbiri pamaso pa anzako n'kowawa kuposa kufinyidwa. Anyamata aja anachita bwino, palibe amene anamuseka.

Mpikisano unachitikira m'holo ya sukulu ina, ulendo wa maola awiri pabasi. Munali phokoso, mafani akuluakulu, ndi mphasa zinayi zolimbanirapo nthawi imodzi. Ife tinakhala pamabenchi a m'mwamba. Ndewu yoyamba Mlamba anapambana ndi mapointi, achemwali osaomba m'manja n'komwe, atangogwira chikwama chawo pamiyendo. Yachiwiri anakumana ndi mtsikana wamfupi wometa tsitsi, wodekha, amene poyamba penipeni anayang'ana kolala. Achemwali anandigwira bondo n'kunena kuti ameneyo amadziwa.

Mlamba analichotsa dzanja la mnzakeyo kawiri. Kachitatu anachedwa. Mtsikanayo anamuzungulira n'kukhala kumsana kwake, dzanja lili kale mkati mwa kolala, linalo n'kugwira buluku pabondo, kenako anagonera chammbuyo n'kukoka. Woyimbira anali mbali inayo, kumene nkhope ya Mlamba sinkaoneka. Zikhadabo za achemwali zinalowa m'bondo mwanga. Ndinaona mwana wathu akukanikiza chibwano, ndipo ndinadziwa chimene akudikira.

Dzanja linatseguka. Linamenya mwendo wa mnzakeyo katatu, moonekera kwa aliyense m'holo monse. Mtsikana uja anasiya, ndipo Mlamba anadzuka yekha, akutsokomola, n'kukonza jekete yake.

Achemwali anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja. Woyimbira anali asanakweze n'komwe dzanja la wopambana, ndipo pabenchi pathu ponse ankaomba ndi iwo okha, misozi ikutsika mpaka pachibwano. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwathu anawagwira paphewa n'kuwayamikira kuti mwana wawo wometa uja ndi katswiri.

"Wanga ndi winayo," achemwali anatero, akuombabe. "Amene wagonjayo."